Ulemu kwa a Cortisol, Mlendo Wosaodira

Ku Chilenje kuno timanyadira nyumba nambala 394, momwe Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962. Alendo amabwera kudzajambula ngakhale Land Rover yake. Koma pali mkulu wina amene wagonapo m'nyumba iliyonse ya kuno, ndipo palibe anamuikirapo chikwangwani. Ndikunena a Cortisol, mahomoni a m'thupi mwathumu.

Kwawo n'konyozeka, timatumba tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Amaumbidwa kuchokera ku cholesterol, mafuta omwe aja anamwino amatikalipira nawo. Poti ndi amafuta, khoma la selo kwa iwo ndi katani chabe. Anzawo monga insulin amaima pakhomo n'kuodira. Iwo amangolowa ngati alandilodi mwezi ukatha, n'kupeza wowalandira m'katimo, awiriwo ulendo wakuchipinda kumene kuli DNA. Kumeneko amayatsa majini ena, ena n'kuzimitsa. Si majini a kwa sing'anga ayi, awa ndi malangizo achibadwa aja. Ndipo mosiyana ndi magetsi athu, a Cortisol ndandanda amaisunga: m'mawa uliwonse, pakatha mphindi ngati 30 chidzukireni, amakhala atadzaza m'magazi.

Khama lawo ndiye musanene. Wakaloba akangoimba foni, iwo aonjezera kale shuga m'magazi kuti muthawe mkango, pomwe inu mwapanikizika m'minibasi ya ku tauni, mawondo ali pachibwano.

Mu 1968, Bruce McEwen wa ku Rockefeller University ku New York anapeza kuti mahomoni a mtundu wawo amakakhazikika mu hippocampus ya khoswe, mbali ya ubongo yothandiza kukumbukira. Akakhalitsamo ali ochuluka, nthambi za maselo a mmenemo zimafota. Chifundo chotani nanga! Amandiiwalitsa pomwe ndaika makiyi, koma ngongole amandisiyira yonse.

Amadziwanso ulemu kwa amayi. Gulu la Michael Meaney ku McGill University, ku Canada, linaonetsa mu 2004 kuti tiana ta makoswe tonyambitidwa kwambiri ndi make timakula jini yopanga wowalandira uja ili yotseguka, motero thupi limawauza msanga kuti basi, zikomo, pitani. Toleredwa mothamanga timakhala nawo mlendoyu nthawi yaitali. Amayi anga ankadzuka 4 koloko kukapikula tomato kumsika wa Soweto, ine ndili kumsana, ndiye sindidziwa kuti ndili gulu liti.

Usiku wathawu a Cortisol anandidzutsa 2 koloko kuti tiwerengere limodzi ndalama ya lendi. Tinawerenga katatu. Inaperewera K300, ngati dzana.