Kavalo wa mfumu pa Doncaster

Pa 16 Sepitembala 2023, masamba atayamba kufiira m'mitengo ya ku England, banja lina la Amalawi lokhala ku Sheffield linatenga agogo awo aakazi, amene anali atangofika kuchokera ku Dedza, kupita nawo pa sitima ku Doncaster kukaonera mpikisano wa akavalo wa St Leger. Wofotokozera anali mdzukulu, mnyamata wa digiri yake, amene agogowo amamutcha amuna awo monga mwa nthabwala za kwathu.

"Mpikisano uwu unayamba mu 1776, agogo. Akavalo ake ndi a zaka zitatu okha, ndipo amathamanga pafupifupi makilomita atatu."

"Akathamanga akafika kuti?"

"Amangozungulira bwaloli."

"Ngolo alibe, katundu alibe, kumene akupita kulibe. Chikuwathamangitsa n'chiyani, amuna anga?"

Mnyamata anati ndalama. Agogo sanayankhe, maso anali pa okwera akavalo, timadoda tochepa thupi tovala malaya onyezimira.

"Ana awa makolo awo akudziwa?"

"Ndi akuluakulu, agogo. Uyo ndi Frankie Dettori, ali ndi zaka 52. Amawayeza pasikelo asanakwere, akatsikanso amawayeza."

"Ngati fodya ku okushoni! Mukawauze adzadye kwathu."

Chimene chinawapweteka kwambiri ndi lamulo loti kavalo wofulidwa saloledwa mu St Leger. Mdzukulu anafotokoza kuti eni ake amafuna kuona amene angabereke ana aliwiro. Agogo anadandaula kuti ng'ombe zawo ziwiri zofulidwa zakoka chimanga zaka zisanu popanda munthu woziombera m'manja.

Kenaka khamu linasokosera: Mfumu Charles ndi Mfumukazi Camilla anali atafika kudzaonera kavalo wawo, Desert Hero, wochokera m'khola la malemu Mfumukazi Elizabeth. Apa agogo, mayi wa Mvano amene m'mawa wonse anali kudzudzula juga, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa mapaundi asanu.

"Kaike pa wa mfumuyo."

"Agogo, si juga imeneyi?"

"Juga ndi pamene sukudziwa wopambana. Ndani angapitirire kavalo wa mfumu, mwini wake ali pompo akuona?"

"Kuno sizitero. Wa mayi ake, Dunfermline, anapambana mu 1977 chifukwa cha miyendo yake basi."

"Sukulu yakuonongani, amuna anga. Kaike."

Mpikisano wonse unatenga mphindi zitatu ndi timasekondi. Agogo anali asanamalize n'komwe kupukuta magalasi pamene Continuous, wokweredwa ndi Ryan Moore, anadutsa pamzere. Arrest wa Dettori anatsatira. Wa mfumu anafika wachitatu.

"Watha? Sitima yonse ija tinakwerera zimenezi?" Anakhala chete pang'ono. "Nanga awiri aja mlandu wawo ukambidwa liti?"

"Palibe mlandu, agogo. Woyambayo akukalandira chikho."

Agogo anamanganso mfundo ya chitenje chopanda kanthu, nalamula kuti nkhaniyi isakamveke ku Dedza. Mapaundi asanu aja anabweza ndi mdzukulu, pasiteshoni ya Doncaster.