Ulemu kwa a Mpando Ong'ambika

M'dziko muno timatamanda anthu olakwika. Timaimbira oyendetsa galimoto kuti ndi akatswiri, timagomera amakaniko oukitsa injini yakufa, koma amene amasenza katundu weniweni wa ulendo sitiwatchula n'komwe. Ndikunena mpando wa galimoto yonyamula anthu, makamaka uja wong'ambika, wa siponji yosuzumira panja, umene anthu a ku Magaleta, m'boma la Neno, amautukwana akamakwera n'kuutukwananso akamatsika. Wamkulu satchulidwa ngati mwana, choncho kuyambira pano ndiziti a Mpando.

A Mpando si munthu wamba. Ambiri anabadwira ku Japan, dziko limene galimoto zimayenda kumanzere ngati kuno, ndipo kuyeza galimoto yakale n'kokwera mtengo moti eni ake amangoigulitsa idakali yabwinobwino. Anawoloka nyanja pa sitima, n'kutsikira ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban, n'kulowa pa Songwe kapena pa Mwanza akununkhirabe. Kwawoko ankanyamula mayi mmodzi ndi kachikwama kake. Galimoto ya Sienta anaipangira anthu 7. Kuno inaphunzira masamu atsopano, ndipo a Mpando sanalembepo kalata yodandaula. Amalandira munthu, pamwamba pa munthuyo pali mwana, pamiyendo pa mwanayo pali nkhuku, kumbuyo thumba la mbatata ya kachewere likuwakankha msana mpaka pa Zalewa.

Nsalu yofewa imene anabwera nayo siichedwa kugonja. Madzi a nsomba, mkodzo wa khanda, masanzi a wodwala chizungulire pa makhotamakhota a m'mapiri, zonsezi zimalowerera osatulukanso. Mwini galimoto amatengera a Mpando kwa amisiri a ku Ndirande kapena ku Limbe kukawaveka chikopa cha pulasitiki, choti ukangopukuta chayera. Chikopachi ndi PVC, pulasitiki yomweyo ya mapaipi a madzi, yomwe mwachibadwa ndi yolimba gwa. Amene anapeza njira yoifewetsera anali Waldo Semon wa ku America, mu 1926, akugwira ntchito ku kampani ya B.F. Goodrich: amaisakaniza ndi mankhwala onga mafuta. Tsoka lake, mankhwalawo sakhalitsa. Dzuwa limawatulutsa pang'onopang'ono, ndipo dzuwa la ku Lisungwi mu Okutobala silichita zachibwana. Chisanu cha kumtunda kwa Neno mu Juni chimadzamaliza ntchito, chikopa n'kuuma, n'kuchita ming'alu ngati zidendene za mlimi. Taonani kusunga mwambo kwake: mng'alu woyamba umatulukira m'mphepete mwa mpando wa dalaivala, cha kuchitseko, pamene amatsetserekapo potsika. A Mpando amayamba kulanga mwini ntchito asanakhudze mlendo.

Kuchokera apo chilungamo chawo chimafalikira kwa onse. Ndi ofesi iti imene imalandira mphunzitsi wamkulu, nyakwawa, m'busa ndi wogulitsa manachesi mofanana? A Mpando sayang'ana nkhope, ndiponso mbali imene amakumana nayo si ya nkhope. Mlomo wouma wa mng'alu umatsina ntchafu ya aliyense. Waya wotuluka pansi pa siponji umakola suti ya ukwati monga momwe umakolera chitenje cha kumunda. Wokwera akati, "Achimwene, mpando wanuwu ukuluma," kondakitala amayankha modekha, "Sunthani pang'ono, madala, muzolowerana." Ndipo amazoloweranadi. Pofika pa tara munthu amakhala atadziwa mbali yokhalira, waphunzira kudzichepetsa popanda kulipira fizi.

Kusunga chuma ndiye musanene. M'dzenje la siponji mumagwera ndalama zachitsulo, ndolo, mtedza, simu khadi, zipini, ndipo palibe chimene chimatuluka mwachisawawa. Mvula ikalowa pa zenera losatsekeka, a Mpando amamwa madziwo n'kuwasunga masiku angapo, kuti wokwera wa Lachinayi alaweko mvula ya Lolemba. Nsikidzi zosowa pokhala amazipatsa malo aulere. Mtima wotere ngwosowa masiku ano.

Koma chimene ndimawalemekezera kwambiri n'choti sanama. Neno inakhala boma paokha mu 2003, itachoka m'manja mwa Mwanza, ndipo kuyambira pamenepo msewu wa Tsangano–Neno–Mwanza wakhala ukumangidwa pa nsanja za misonkhano nyengo iliyonse ya chisankho. Ntchitoyo inafika mpaka m'manja mwa asilikali. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala inadutsa m'boma lomweli n'kutha, moti malasha amayenda mosalala kuposa mayi wapakati wopita ku chipatala cha pa boma. Pa nkhani ya msewu, wandale anena zake, nyuzipepala ilemba zake. A Mpando amalemba pathupi pawo. Dzenje lililonse, mwala uliwonse, chigwembe chilichonse chokumbidwa ndi madzi chili ndi chipsera chake pa chikopacho. Amene akufuna lipoti la misewu ya kuno asavutike n'kuitanitsa akatswiri: atsegule chitseko cha galimoto yoima pa Magaleta, awerenge.

Ndiye pali ntchito imene a Mpando amapereka kwa anthu. Ku Blantyre n'kutali, mafuta n'ngodula, choncho dokotala wawo wa pafupi ndi wosoka nsapato wa pa msika. Ndimakonda kuonerera opaleshoni imeneyi. Mmisiri amayamba wadula timilomo touma ta mng'alu ndi lumo, mpaka atafika pamene chikopa chidakali ndi moyo. Dzenje amalidzaza ndi zidutswa za matiresi akale, kutsendera ndi chala kuti pasakhale chigwa. Chigamba amadula chokulirapo kuposa bala, n'kuchilowetsa kunsi kwa chikopa, osati pamwamba, n'kuchiyala bwinobwino ndi msana wa supuni. Guluu amapaka mbali zonse ziwiri, kenaka amangokhala. Apa ndi pamene dalaivala amapsa mtima, chifukwa anthu adzaza kale ndipo akuwomba chitseko. "Bwana, guluu sathamangitsidwa," amatero mmisiri, akuyesa ndi nsonga ya chala ngati wasiya kumata. Akaona kuti wafika, amaphatikiza n'kugogoda ndi chigwiriro cha nyundo. Pomaliza amatulutsa singano yake ya ngowe ndi linya wosolola m'tayala lakale, n'kuyamba kuboola, kukoka, kumanga, milomo ili chilumire.

Nzeru za a Mpando zimaonekera pamenepa. Chikopa chouma chikabooledwa mabowo ondondozana, mzere wa mabowowo ndiwo umasanduka njira ya mng'alu wotsatira. Mmisiri wodziwa amatalikitsa misoko n'kuilowetsa mkati, kutali ndi bala, koma amangochedwetsa mlandu. Pakatha miyezi, a Mpando amang'ambika mwaulemu pambali penipeni pa chigamba, galimoto n'kubwereranso pa msika, ana a wosoka nsapato n'kudya. Ndi bwana uti wina amene amaonetsetsa chotere kuti wantchito wake asasowe ganyu? Ngakhale njinga zamoto za kabaza zatengera chitsanzo: chishalo chikang'ambika amachikulunga ndi thumba la feteleza n'kumanga ndi malegeni, ndipo wogulitsa machubu akutha nayenso amapezapo ya sopo.

Kumayiko a anzathu amagulitsa timabokosi tokonzera mipando: phala lodzazira mng'alu, utoto wosakaniza mpaka ufanane, ndi kapepala kamene amakakanikiza ndi chitsulo chotentha kuti chigamba chitenge timizere ta chikopa. Cholinga chake n'choti munthu asadziwe kuti panali bala. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kubisa umboni. Chigamba cha kuno chimakhala chofiira pa mpando wakuda, misoko yake yooneka uli patali, ndipo sichichita manyazi. Za mipando ya chikopa chenicheni cha ng'ombe, ya m'magalimoto a mabwana obwera kudzayendera chitukuko, ndilibe nazo mawu ambiri. Nayo imauma ikasowa mafuta, nayo imasweka, koma imatero mobisa, kuseri kwa magalasi akuda. Dalaivala wina wachangu amaipaka polishi wa nsapato, bwana n'kukatsika pa msonkhano ali ndi mapu kumbuyo kwa thalauza loyera.

Ukalamba ukafika poti singano ilibenso pogwira, a Mpando amafunditsidwa chitenje. Kawirikawiri chimakhala cha chipani, chifukwa ndicho chimapezeka chaulere, motero nkhope imene inalonjeza msewu imayenda nawo ulendo wonse, ili pansi pa okwera, kumva dzenje lililonse limodzi ndi anthu ake. Sindikudziwa njira ina imene mtsogoleri angayandikire anthu kuposa pamenepa.

Pempho langa kwa akuluakulu okonza miyambo ya boma ndi limodzi. Tsiku lotsegulira msewu likadzafika, musadzabwereke masofa ku hotela. Mudzatumize anyamata ku Magaleta akazule mpando wakutsogolo wa galimoto yakale kuposa zonse, mudzauike pakati pa nsanja, mlendo wolemekezeka adzakhalepo kuyambira pemphero lotsegulira mpaka gule womaliza. Wosoka nsapato mudzamuuziretu kuti waya uja asaupinde.