Akuti Wakalamba, Koma Pampando Sakuchoka

M'tauni muno makina akawonongeka sasowa akatswiri. Boneti ya galimoto ikangotsegulidwa pamsewu, amuna asanu amatulukira kosadziwika, manja kumbuyo, n'kumayang'ana injini mwachifundo. Kompyuta nayo ndi chimodzimodzi, kungoti akatswiri ake amalankhula motsitsa mawu pang'ono kuti aoneke ophunzira.

Pa shopu ina ya fotokope ku Limbe, chakuseri kwa malo okwerera maminibasi, kompyuta yotayipira makalata inakana ntchito Lolemba m'mawa. Sinadwale yokha ayi. Inkagwira bwinobwino mpaka Loweruka, pamene mphwawo wa eni shopu, mwana wa mlongo wawo, anatsika basi kuchokera ku Johannesburg. Mnyamatayu ndi amene anaikamo mapulogalamu mu 2018 asanapite ku Joni. Nthawi imeneyo mavairasi a m'mafulashi a makasitomala anali atawatopetsa malume ake, ndiye iye anachotsa Windows n'kuikamo Linux. Akanaika Ubuntu ngati anzake, bwenzi nkhani ino palibe. Koma iye ankafuna chinthu choti akachitchula anzake azikhala chete, choncho anasankha Gentoo.

Gentoo anaiyambitsa Daniel Robbins, ndipo ya nambala 1.0 inatuluka mu 2002. Khalidwe lake lachizolowezi n'lakuti pulogalamu siikupatsa yopangiratu. Imakukokera pa intaneti zolemba za akatswiri, zomwe amati source code, kuti kompyuta yako yomweyo izisandutse pulogalamu yogwira ntchito. Yochita zosandutsazo ndi compiler, ndipo pa Gentoo kawirikawiri imakhala GCC, ija Richard Stallman anaitulutsa koyamba mu 1987. Wosunga kaundula wa zonse, wodziwa kuti pulogalamu iyi siingamangidwe iyo isanamangidwe, ndi Portage, ndipo umamutuma polemba mawu akuti emerge.

Mnyamata atangopatsidwa moni ndi tiyi, anayatsa kompyuta, kuiyang'ana, kupukusa mutu.

"Malume, makinawa atsalira kwambiri. Ndiwamangenso onse."

"Avuta pati?"

"Sanavute, koma atsalira."

Malume akanakana, koma eni sitolo yoyandikana anali ataima pakhomo kumvetsera, ndipo munthu sukana mawu a m'bale wako wochokera ku Joni anthu akuona. Lamlungu lonse mnyamata analimbana ndi Portage yemweyo, poti wa 2018 sankatha n'komwe kuwerenga kaundula wa masiku ano. Bandulo ya malume inathera pomwepo. Atapambana nkhondo imeneyo analemba emerge -e @world, lamulo lomanganso pulogalamu iliyonse yomwe ili m'makinamo kuyambira pachiyambi. Kompyuta inaganiza, inaganiza, kenaka inatulutsa mawu ofiira n'kuima.

Mawuwo sanali mwambi. Ankanena poyera kuti compiler yomwe ili pantchito, GCC 8 ya mu 2018, ndi yakale kwambiri, ndipo pulogalamu inayake ikufuna yatsopano yomva malamulo a C++20. Mizere iwiri kapena itatu basi. Koma Lolemba m'mawa, mwa anthu onse omwe anadzaza shopu ija, owerenga mizereyo anasowa.

Woyamba kufika anali mayi wofuna pulogalamu ya chinkhoswe cha mwana wake. Malume anamulandira ndi yankho lomwe limathetsa mafunso onse m'dziko muno.

"Netiweki, amayi. Khalani kaye apa."

Mayiyo anakhala osafunsa kuti netiweki ikukhudzana bwanji ndi kutayipa. Tonse tinazolowera. Wina akati netiweki, umangopinda manja, chifukwa netiweki ilibe ofesi yoti ukadandauleko. Anabwera mnyamata wa tayi wofuna kalata yofunsira ntchito, anauzidwa netiweki. Anabwera aphunzitsi ndi mafunso a mayeso, netiweki. Pofika 9 koloko benchi inali itadzaza, ndipo mayi wogulitsa mandasi, amene amanunkhiza khamu lisanasonkhane, anali atasamutsa beseni lake kuchoka pakona n'kuliika pakhomo penipeni.

Kenaka akatswiri. Wokonza mafoni wa kutsidya kwa msewu analowa osaodira, sikulu diraiva kukhutu.

"Vairasi iyi, bigi. Ingoifulashani."

"Si foni iyi, aise," anatero mnyamata wa ku Joni osatembenuka.

"Zonse ndi bodi yomweyo."

Mlonda wa sitolo ya nsalu anati azimitse, awerenge mpaka khumi, ayatsenso. Wailesi yake imachira motero. Wakabaza wina, yemwe anangoima kuti agule mandasi, anati vuto ndi fumbi ndipo anadzipereka kubweretsa pampu ya njinga. Mkulu wa mpingo wa malume anayang'ana shopu yatsopano ya fotokope yomwe yatsegulidwa mwezi watha kumtunda kwake, n'kunena chapansipansi kuti iye sakunena kanthu, koma zinthu sizimangochitika. Anthu anagwedeza mitu. Munthu akayamba ndi mawu akuti sakunena kanthu, ndiye kuti mlandu waweruzidwa kale.

Pakona panaima kamtsikana ka Fomu 2 ka yunifolomu, katagwira buku loti kachititse fotokope masamba awiri. Kanasuzumira pansi pa mkono wa wokonza mafoni, kanawerenga.

"Ikuti compiler ndi yakale. Akuti muike yatsopano."

"Iwe, akuluakulu akulankhula," anatero mkulu wa mpingo.

Koma mawu akuti yakale anali atafika kale m'khutu la malume, ndipo anawabaya.

"Yakale chiyani? Makinawa ndinagula ndekha ali m'katoni, lisiti ndili nalo!"

Apa mnyamata anakakamizika kufotokoza, ndipo pofotokoza anawerenga nayenso mawu ofiira aja mwachifatse, mwina koyamba. Anati makinawo alibe mlandu. Wokalamba ndi womanga mapulogalamu wa m'katimo. Chinenero cha C++ chimalandira malamulo atsopano pafupifupi zaka zitatu zilizonse, 2011, 2014, 2017, 2020, ndipo olemba mapulogalamu akayamba kugwiritsa ntchito atsopanowo, compiler yakale imangoyang'ana osamva. Mankhwala ake ndi kuika GCC yatsopano kaye, zina zonse pambuyo.

"Ndiye ikani," anatero malume.

"Nayonso iyenera kumangidwa."

"Amange ndani?"

"Yakale yomweyi."

Malume anakhala pansi. Muyenera kudziwa kuti bamboyu wakhala wapampando wa komiti ya amalonda a mzere umenewo kuyambira kale moti palibe akukumbukira tsiku lomwe anasankhidwa. Nkhani ya compiler, yomwe mpaka pano inkawadutsa pamwamba, mwadzidzidzi inawafika pamtima.

"Ukutanthauza kuti wokalambayo, amene mukumunyoza pagulu chonchi, ndi amene akonze wodzamulanda mpando?"

"Eya, malume."

"Ndipo wavomera?"

"Alibe chonena."

"Hmm," anatero malume. "Tiona."

Kamangidwe ka GCC n'kosamala moti kamatopetsa. Yakale imamanga yatsopano. Yatsopanoyo imadzimanganso yokha, kenaka yachiwiriyi imamanganso yachitatu, ndiye ziwiri zomalizazo amaziyerekeza kuti aone ngati zafanana ndendende. Zikasiyana ndiye kuti penapake palakwika. Pa kompyuta ya shopu ya fotokope zimenezi ndi ntchito ya maola ambiri. Zilembo zinkathamanga pa sikirini, anthu n'kumaonerera mwaulemu, ena mpaka kumaloza mzere wina n'kunena kuti "apo, apo," ngati aona chinachake. Cha m'ma 11 koloko magetsi anazima. Batire ya makina osungira moto inafa chaka chatha. Atayaka, mnyamata analemba emerge --resume, lomwe limapitiriza mndandanda kuchokera pomwe unaimira, koma pulogalamu yomwe inadukira pakati imayambiranso pachiyambi. Wa mandasi anatuma mwana kukatenga beseni lachiwiri.

Mnyamata wa tayi anapita ku shopu yakumtunda ija mozemba, akunamizira kuyankha foni. Aphunzitsi anatsatira. Mayi wa chinkhoswe yekha ndiye anakhalabe, chifukwa anali atalandira kale mpando ndi moni wautali, ndipo kuchoka pamenepo kukanakhala kunyoza.

Dzuwa litapendeka GCC 14 inatha kumangidwa. Mnyamata anatambasula manja, kuyang'ana khamu, n'kulembanso lamulo lija. Kompyuta inaganiza, inaganiza, n'kutulutsa mawu ofiira omwe aja. Compiler ndi yakale.

Wokonza mafoni anaseka mpaka sikulu diraiva inagwa. Mkulu wa mpingo anayang'ananso kumtunda. Kamtsikana kaja, komwe kanali katabwerako kusukulu masamba ake awiri asanachitidwebe, kanati pa sikirini panali mawu ena achikasu kumapeto kwa kumanga kuja, onena za gcc-config. Sanakayankhe, koma patapita kanthawi koyenera mnyamata analemba gcc-config -l ngati waganiza yekha. Panatuluka mizere iwiri, wa 8 ndi wa 14, ndipo kanyenyezi kosonyeza amene ali pantchito kanali pa 8.

Umu ndi momwe Gentoo imachitira. Ukaika GCC ya nambala yatsopano, yakale siichotsedwa. Zimakhala zonse ziwiri, ndipo yakale imapitiriza kulamula mpaka mwini makina atanena yekha kuti asinthe. Portage amakuuza zimenezi pomaliza kumanga, amakulembera ndi lamulo lomwe loti ulembe, koma amakuuza pa nthawi yomwe aliyense akuwomba m'manja.

Malume anaseka koyamba tsiku limenelo, kuseka kochokera m'mimba.

"Ndinakuuza kuti tiona! Ameneyu ndi munthu. Chisankho chachitika, watsopano walumbira, koma makiyi ndi chidindo zili m'thumba la mwini wake."

Anthu a m'komiti omwe analipo anaseka nawo, koma mosamala, akuyang'ana pansi.

Mnyamata anasankha 14 ndi gcc-config, analemba source /etc/profile kuti zosinthazo zigwire, n'kumanganso pulogalamu ya libtool monga amalangizira a Gentoo. Ulendo uno mawu ofiira sanabwere. Kumanga kwa makina onse kunayenda usiku wonse ndi tsiku lotsatira, shopu ikugulitsa maenvulopu ndi zolembera zokha. Kumapeto, pofuna kuonetsa ukhondo, mnyamata analemba emerge --depclean, ndipo GCC 8 inasesedwa. Malume anaona dzinalo likufufutidwa, sananene kanthu, anangotuluka panja kukaima pang'ono.

Lachitatu kompyuta inayaka ili yatsopano m'kati monse. Inangokana chinthu chimodzi: kusindikiza.

Pulinta ya pashopupo ndi yakale, ndipo pulogalamu yoiyendetsa mnyamata anaitola pa intaneti mu 2018 n'kuimanga pamanja. Tsopano inafunika kumangidwanso, ndipo GCC 14 inaikana. Compiler imeneyi, yomwe inatuluka mu Meyi 2024, inaleka kulekerera zizolowezi zina za olemba chinenero cha C. Chimodzi mwa izo ndi kuitana function yomwe sunaitchule poyamba. Malamulo a C analetsa zimenezi mu 1999, koma kwa zaka 25 GCC inkangochenjeza n'kupitiriza ntchito. Ya 14 imaima n'kukana. Mapulogalamu omwe ali m'kaundula wa Gentoo anthu anawakonza. Kapulogalamu kotola kunja kaja palibe anakakhudza.

"Wakale uja ankazilola zimenezi?" anafunsa malume.

"Ankangodandaula."

"Mwaona? Mubwezereni."

"Ndinamuchotsa, malume."

Chete amene anagwa m'shopumo anali wautali. Mkulu wa mpingo anayamba kuvula chipewa kuti apemphere. Mnyamata anafufuza pa foni, thukuta lili kamukamu, mpaka anapeza kuti ukawonjezera mawu akuti -fpermissive pomanga, GCC 14 imabweza zokana zijazo kukhala machenjezo chabe. Anawonjezera. Pulogalamu inamangika, pulinta inakhosomola, n'kutulutsa pepala la chinkhoswe, dzina la mkwati litalakwika chilembo chimodzi monga mwa nthawi zonse.

"Wachita chiyani?"

"Ndamuuza kuti asaumitse mtima."

"Basi wavomera?" Malume anagwedeza mutu mokhutira. "Ndiye naye amamva za fanta. Akhalitsa."

Kunja kwa shopu mbiri inagawidwa mwachangu. Wokonza mafoni akuuza anthu kuti pamapeto pake anaifulasha monga ananenera iye. Mlonda akuti kuzima kwa magetsi kuja ndiye kuzimitsa n'kuyatsa komwe ankanena. Mkulu wa mpingo akuti chipewa chitangochoka kumutu, pepala linatuluka, ndipo mboni zilipo. Kamtsikana ka Fomu 2 kanalipira masamba ake awiri mtengo wonse, chenji kanauzidwa kuti kadzatenge mawa.

Kuyambira Disembala 2023 a Gentoo amaperekanso mapulogalamu omangiratu, oti munthu angokoka n'kuika osadikira usiku wonse. Wina atamuuza mnyamata zimenezi, anayankha kuti amazidziwa, koma zimenezo ndi za anthu ofulumira. Portage amamuuzanso nthawi iliyonse kuti pali zidziwitso zoti awerenge ndi eselect news read. Akuti adzawerenga akadzapeza mpata.

Inu a ku Limbe ofuna kutayipitsa, shopu yatsegula, ndipo mtengo wa pepala wakwera pang'ono poti makina ndi atsopano. Mphwawo wa eni shopu wabwerera ku Joni, koma walonjeza kuti pa Khirisimasi adzabwera kudzaikonzanso. Makalata anu tayipitsiranitu mu Novembala.