Safunsa wa masiku ano ali ndi bandulo

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mkuluyu adaona chinthu chachikasu m'mbale nkumati ndi uchi, ndipo poti kufunsa kukadamutsitsa ulemu, adangoponya m'kamwa natafuna mpaka nsagwada kuwawa. Ambiri amayesa kuti Safunsa adatisiya kalekale. Ayi ndithu, ali moyo. Amakhala konkuno ku Mzuzu, cha ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa, ali ndi pikapu ya Hilux, ndipo Loweruka lino walumbira kuti asintha yekha mashoko akumbuyo.

Chasintha n'chimodzi. Safunsa wa lero amafunsa kwambiri, kungoti amafunsa foni.

Zoti mashokowo adatha, palibe angatsutse. Pikapu ya mumzinda uno sidziwa tchuthi. Lero yasenza matabwa a ku Chikangawa, mawa ikukwera Chiweta ndi matumba a mpunga wa ku Karonga, mkuja yanyamula mpingo wonse kupita kumaliro ku Rumphi, ndipo madzulo aliwonse imabwerera kunyumba podzera m'misewu ya ku Zolozolo yomwe mvula idaikumba bwinobwino. Ikadutsa pabampu imapitiriza kuvina bampuyo itatsala kale m'mbuyo. Shoko yakumanzere yanyowa ndi oyilo, matayala akudyeka mwa zigambazigamba, ndipo okwera kumbuyo adayamba kale kutsika atagwira m'chiuno.

Apa pali phula lomwe ambiri amadya asadagwire n'komwe sipanala. Amaona pikapu yawo itakhala pansi kumbuyo nkumati mashoko atsopano ayidzutsa. Shoko sisenza katundu. Katundu amasenza ndi masipuling'i, zitsulo zosanjikizana zija. Ntchito ya shoko n'kuletsa masipuling'iwo kudumphadumpha, pokankha oyilo m'timabowo ting'onoting'ono m'kati mwake. Ngati mudapinda masipuling'i ndi matumba a simenti, gulani mashoko okwera mtengo motani, galimoto ikhalabe chogwada.

Koma tibwerere kwa mkulu wathu. Lachisanu usiku adagula bandulo nkuonera kanema pa YouTube. M'kanemamo muli mzungu wa ku America, m'galaja ya simenti yoyera mbee, galimoto ili m'mwamba pa makina, iye ataimirira pansi pake osawerama n'komwe. Wakhudza bawuti ndi chida chamagetsi, bawuti yagwa. Wakhudza ina, yagwanso. Akuti mabawuti ndi awiri okha, wina pamwamba wina pansi, ndipo sakunama. Chomwe mzunguyo sakudziwa n'chakuti bawuti ya ku Mzuzu yamwa mvula kuyambira Disembala mpaka Epulo, yawonjezera yowaza ya mu Juni, nkufunda matope ofiira chaka ndi chaka. Bawuti imeneyi ndi nati yake zidakwatirana kalekale, malowolo adaperekedwa onse, ndipo palibe nkhoswe ingathetse ukwatiwo ndi sipanala ya 17 yokha.

Kogula sipeya nako Safunsa sadafunse. Adangolowa m'sitolo nkunena kuti akufuna shoko ya Hilux, ngati kuti Hilux ndi imodzi padziko lonse. Zina zidatsikira padoko la Dar es Salaam nkulowera pa Songwe, zina zidachokera ku South Africa, zaka zake n'zosiyana, zazitali ndi zazifupi. Wanzeru amanyamula shoko yakale pakabaza kuti akayerekeze kutalika kwake ndi mabowo ake. Wogulitsa adayesa kuthandiza: "Bwana, mutenge awiri, awa amasinthidwa pamodzi." Safunsa adamva ngati mnyamatayo akufuna kumudyera, nkutenga imodzi. Galimoto yolimba mbali imodzi nkukhala yofewa mbali inayo imasonyeza khalidwe lake pakona yoyamba yotsetsereka ya ku Nkhata Bay.

Loweruka m'mawa, jeke yalowa pansi. Mayi a kunyumba atulukira ndi tsache m'manja.

"Abambo, bwanji osangoitana amakaniko aja?"

"Mayi, izi n'zazing'ono. Ikani madzi a tiyi, akamawira ndikhala nditamaliza."

Pano ndisiye kaye kuseka. Handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha, ndiye mukawanyamula amenewo, galimoto yatsala yopanda choigwira, ndipo mabwalo ambiri a mumzinda uno ndi otsetsereka. Matayala akutsogolo amafunika kuwatsekera ndi miyala kapena zipika. Jeke ndi yonyamulira, si yogonera pansi pake, ndipo njerwa zootcha zomwe timakonda kusanja zimaphwanyika osachenjeza. Chopweteka n'chakuti pa mapikapu ambiri aatali sipafunikanso kunyamula: mumangotsitsa tayala la sipeya kuti mupeze malo, nkukwawira pansi matayala onse ali padothi. Safunsa akadamva zimenezi akadafunsa munthu.

Munthuyo alipo. Kuseri kwa mpanda kumakhala mdala yemwe adakalambira m'magalaja a ku Luwinga. Wasuzumira kale, wapereka moni wake, "Mwawuka uli, adada?", ndipo waima pang'ono kudikira funso. Funso silidabwere. Safunsa wayankha moniwo mutu uli pansi pa difu, nkuuza mwana wake kuti abweze kanema m'mbuyo.

Ine ndimamumvetsa. Foni siseka munthu. Sikafotokoza kutchalitchi kuti bwana uja sadziwa komwe nati imamasukira, sipempha ya Fanta, ndipo mutha kuifunsa chinthu chimodzimodzi kakhumi osaona nkhope yake ikusintha. Vuto lake n'lakuti siona, ndipo sibweza funso. Mdala uja akadayamba n'kufunsa kuti, kodi mudathira chiyani dzulo? Pakuti ntchito imeneyi imayamba usiku wake: kukwecha matope ndi bulashi yawaya, kuthira WD-40 kapena parafini pa mabawuti, nkuwasiya agone. M'mawa mumagwira ndi sipanala yozungulira nati yonse, nkuiwonjezera mkono ndi paipi. Safunsa wagwira ndi shifiting'i. Yaterereka kamodzi, kawiri, makona a nati atha, zala zakumana ndi chesesi, ndipo mwana wogwira foni uja waphunzira mawu omwe ku Sande sukulu saphunzitsa.

Tiyi adawira, adazizira, nsima ya masana nayo idapita. Pofika madzulo bawuti yapansi yagonja. Mwa chisangalalo Safunsa watenga shoko yatsopano nkudula kalamba komwe idamangidwa nako. Shoko ya gasi ikamasulidwa imadzitambasula yokha pang'onopang'ono, ndipo kalambako kamayenera kudulidwa mbali yapamwamba italowa kale. Tsopano bambo wa ulemu wake wagona chagada m'matope, akulimbana kupanikiza chitsulo chomwe chikukana kufupika, bandulo yatha mzungu uja ali pakati pa chiganizo, ndipo bawuti yapamwamba ikadali m'banja lake. Zoti mabawuti amamangitsidwa komaliza galimoto itatera pansi, kuti mabushi a labala asapotoke nkung'ambika msanga, adzazimva tsiku lina.

Lolemba m'mawa kabaza waima pageti. Watsika mnyamata wa ovololo yothimbirira, wanyamula thumba la zida ndi sowo yodulira zitsulo. Wagwada, wasuzumira, wakhudza nati yodyeka ija ndi chala, nkuimba kamluzu kotsika. Mtengo womwe watchula uli pawiri, wa ntchito ndi wokonza zomwe zaonongeka.

"Koma bwana, adagwira apa ndani?"

"Kamnyamata kena kake ka ganyu," watero Safunsa, manja obanduka ali m'thumba. "Ana a masiku ano safuna kufunsa."

Kukhitchini mayi atsokomola.