Timiyendo Tiwiri Tomwe Ndinagula Motchipa

Ku Karoo kulibe mtengo woti mlenje n'kuyedzamira. Ukachoka ku Bloemfontein ndi msewu wa N1 kulowera kumwera, n'kuwoloka mtsinje wa Orange kufika cha ku Colesberg, dziko limangoti see, miyala yakuda ndi tizitsamba tolekeza m'mawondo. Nyama ya kumeneko ndi springbok, yocheperapo poyerekeza ndi nswala, yolemera makilogalamu 30 kapena 40. Ili ndi maso akuthwa, ndipo nthawi zambiri sikulola kuti uyandikire kuposa mamita 200. Pamene pali mtima ndi mapapo, pomwe uyenera kulasa kuti ife msanga, ndi pamalo pang'ono zedi. Pa mtunda wotero manja okha sathandiza. Mfuti imafuna pokhazikika, n'chifukwa chake alenje ambiri amaimangirira timiyendo tiwiri kutsogolo kwake, totchedwa bipod.

Ine chilolezo cha mfuti ndinachipeza movutikira. Lamulo la mfuti la ku South Africa, la m'chaka cha 2000, sililola munthu wobwera kukhala ndi mfuti pokhapokha ali ndi mapepala okhaliratu m'dzikomo. Kenako pali maphunziro, mayeso, kudinda zala kupolisi, sefa ya chitsulo yokhomerera kukhoma, ndi kudikira kotopetsa. Pomwe ndimamaliza kugula mfuti ya .243 Winchester ndi galasi lake loonera patali, m'thumba munali mutayeratu. Ndine makaniko, ndipo kumudzi ku Ntcheu kuli anthu oyang'ana kwa ine mwezi uliwonse.

Alamu anga, amene anayamba kalekale kusaka, anandiuza kuti ndigule bipod ya Harris, yopangidwa ku Kentucky. Anandifotokozera mosamala. Ilipo yaifupi ya mainchesi 6 mpaka 9, yowombera utagona chafufumimba kapena patebulo. Ilipo ya 9 mpaka 13. Ilipo yaitali ya 13.5 mpaka 27, yowombera utakhala pansi. Zomwe dzina lake limayamba ndi S zimatha kupendekeka, kotero kuti mwendo umodzi ukaponda pamwala wina pansi, mfuti umaiwongola osasuntha miyendo. Yaifupi ija imalemera magalamu pafupifupi 370. Anatchulanso ya Spartan, ya ku England, yomwe imamatirira ndi maginito ndipo sifika magalamu 200, koma mtengo wake nditaumva ndinangoti laponda la mphawi.

Pa intaneti ndinapeza ina yofanana ndi Harris kuyambira masipuling'i mpaka utoto, yopanda dzina la kampani, yopepuka kwambiri, mtengo wake wosafika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndinasankha yaifupi chifukwa ndiyo inali yotchipitsitsa. Ndinasankhanso yosapendekeka, chifukwa ndinkati chinthu chokhala ndi ziwalo zochepa sichiwonongeka msanga. Pantchito yanga maganizo amenewo ndi oona. Itafika ndinaimangirira pa kachitsulo kokolekapo lamba wa mfuti, n'kugona pa simenti m'chipinda, kuloza kukhoma. Zonse zinaoneka bwino.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa zenizeni. Mfuti ija ndinali nditaikonza kale pa chandamale cha mamita 100 itagona pa matumba a mchenga, ndipo zipolopolo zinkagwera pamodzi. Nditaika bipod sindinabwerereko. Zipolopolo n'zodula, malo oyeserako ali kutali, ndipo ndinadziuza kuti miyendo siingasinthe kumene mfuti yaloza.

Tinanyamuka ulendo wa ku Karoo m'mwezi wa Julayi, chisanu chitayera pa mawaya a mipanda. Tili m'galimoto, alamu anandifunsa kuti, "Alamu, katundu wanu watsopanoyu mwamuyesa?"

"Ndamuyesa, alamu, ali bwinobwino."

Ndinkanena za pa simenti paja. Iwo anamva za pa chandamale, ndipo ndinadziwa kuti amva choncho, koma ndinangokhala chete.

Kasakidwe ka kumeneko n'kotere: mwini famu amakhazika alenje motalikirana, aliyense pa chitsamba chake, atauzidwa mbali yomwe angawombere ndi yomwe sayenera kulozako n'komwe. Kenako antchito okwera mahatchi amayenda pang'onopang'ono kuseri kwa nyama kuti zisunthire kwa alenjewo. Lamulo lina limanenedwa m'mawa aliyense akumva: ukangotulutsa magazi, nyamayo walipira, uipeze usaipeze.

Nditagona pamalo panga ndinaona vuto loyamba. M'galasi munkangooneka masamba. Miyendo ya mainchesi 9 ndi masentimita 23 okha, pamene tizitsamba tija n'totalika kuposa pamenepo. Ndinakwawa kufuna pokwererapo, n'kupeza mwala wathyathyathya koma wotsetsereka pang'ono. Mwendo wakumanzere unali m'munsi, mfuti n'kupendekera komweko. Kuti ndiiwongole ndinatalikitsa mwendowo ndi kumanga kasikuluwu kake ndi zala zouma ndi chisanu. Ndinamva kuti sikanagwire mokwanira. Ndinali n'kuganiza zovula jekete kuti ndiike pansi pa mfuti pamene gulu la springbok linatulukira.

Zinaima patali mamita 200 ndi pang'ono. Tonde mmodzi anapatuka, n'kuima chopingasa. Ndinakankhira phewa kutsogolo kuti miyendo ilimbe, monga alamu anandiphunzitsira, ndipo mtanda wa m'galasi unayamba kutsetserekera kumanzere, kuchoka paphewa kupita kumimba. Ndinaona ndi maso anga kuti ukusuntha. Ndinali ndi mpata wochotsa chala. Koma mtima unali kale pa nyama, pa ndalama za ulendo, pa manyazi obwerera chimanjamanja, ndipo ndinakhethemula.

Kulira kwa chipolopolo cholowa m'mimba n'kosiyana, kumamveka ngati wamenya dzungu ndi chibonga. Tonde uja anapinda msana, n'kuyamba kuyenda mutu uli pansi. Ndinafuna kuwomberanso, koma mwendo wa bipod unali utalowereratu mkati, mfuti itagona cham'mbali pamwala. Pomwe ndinkaidzutsa, nyama inali italowa pakati pa zinzake, ndipo kumbuyo kwake kunali anthu a mahatchi. Sindikanawombera.

Amene anatsogolera kulondola anali bambo wachikulire wogwira ntchito pafamupo. Anagwada pomwe nyama inaima, natola kaudzu kokhala ndi magazi osakanikirana ndi zobiriwira za m'chifu, n'kundionetsa osanena kanthu. Anati tidikire kaye, chifukwa nyama yolasidwa m'mimba ukaithamangitsa msanga imapita kutali, koma ukaisiya imagona pafupi. Kudikira kumeneko ndi komwe kunandipweteka koposa. Ndinakhala pamwala ndikudziwa kuti kwinakwake m'chigwamo muli chamoyo chomwe chikumva ululu umene ndauyambitsa ine, ndipo chothandiza chokha n'kukhala osachita kanthu.

Agogo anga aamuna ankasaka ndi uta ndi agalu. Mlenje wovulaza nyama n'kuisiya ankamunena kwambiri, ankati alibe ulemu ndi tchire. Mawu amenewo anandizungulira m'mutu tsiku lonse.

Tinalondola mpaka dzuwa kupendeka. Magazi ankasowa pamiyala, bambo aja n'kuwapezanso patsogolo, kadontho pa tsamba, phazi lokokedwa pamchenga. Alamu anasiya kusaka kwawo, ngakhale anali atalipira tsikulo, n'kubwera kudzatithandiza. Tinaipeza itagona m'kamgula pafupi ndi mpanda, maso ali otsegula, ikupuma movutika. Alamu anaimaliza ndi chipolopolo chimodzi cha pakhosi. Potumbula tinapeza kuti zam'mimba zadetsa nthiti ndi nyama yofewa ya mkati, ndipo gawo lalikulu tinalitaya. Ndinalipira mtengo wonse.

Madzulo, tili pamoto, ndinawauza alamu zoona, kuti bipod ija sindinaiwombetsepo ndi kamodzi komwe. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mukanandiuza m'mawa, alamu, ndikanakupatsani yanga. Ine ndikanagwiritsa chikwama."

Titabwerera anandiperekeza ku chandamale kuti tikaone chomwe chinachitika. Anatenga ndalama yapepala n'kuilowetsa pakati pa mpope wa mfuti ndi pulasitiki yomwe imaugwira. Popanda bipod inkadutsa bwinobwino mpaka kumbuyo. Titaika bipod n'kuitsamira, pepala linakanirira panjira. Pulasitiki ya mfuti zotsika mtengo ndi yofewa, imapindika n'kukhudza mpope, ndipo mpope ukakhudzidwa sunjenjemera mofanana nthawi zonse, choncho zipolopolo zimamwazikana. Tinapezanso kuti chomangira cha pamwamba chinkamasuka ndi kugunda kwa mfuti, ndipo kasikuluwu ka mwendo mano ake anali atadyeka kale, chifukwa chitsulo chake chinali chofewa. Pa konkire, mfuti inkadumpha. Vuto la pulasitiki likanakhalapo ngakhale ndi bipod yodula. Zonsezi zikanaoneka ndi zipolopolo zochepa chabe.

Pulasitiki ija ndinaipala ndi sandipepa mpaka pepala likudutsa ngakhale nditatsamira. Pambuyo pake ndinagula Harris yaitali yopendekeka kwa mlenje wina amene anali kusiya kusaka. Ndi yolemera kuposa momwe ndinkafunira, ndipo poyenda imandikhula paphewa, koma ndikakhala pansi mfuti imakhala pamwamba pa tizitsamba. Bambo a pafamu aja anandionetsanso njira yawo, ndodo zitatu zomanga ndi mphira ya chubu cha njinga, zomwe sizifuna ndalama ndipo umawombera utaimirira.

Mnyamata wina wa kugalaja kwathu ataona bipod yakale ija m'bokosi la zida anafuna kuigula, akuti m'bale wake ali ndi mfuti ya .308. Ndinamukaniza. Tsiku lomwelo ndinaipanira pa vaisi n'kuidula ndi galainda, zidutswazo n'kuponya mumgolo wa zitsulo zotha.