Mmene Mungalembere Lamulo la Ndudu Zamagetsi Popanda Kusokoneza Malonda

Ndinu phungu m'nyumba ya malamulo ya chigawo china ku America, ndipo makolo akudandaula kuti ana akusuta ndudu zamagetsi m'zimbudzi za pasukulu. Musapupulume. Luso loyamba pa ntchitoyi ndi kuchedwa, ndipo chitsanzo chabwino chilipo kale. Ndudu yamagetsi ya Juul inafika pamsika mu 2015. Bungwe la boma la FDA linayamba kuyang'anira malondawa mu 2016, ndipo mu 2017 linauza makampani kuti azigulitsabe, chilolezo adzapempha pofika 2022. Mu 2019, ana a kusekondale oposa 27 pa 100 alionse anali akusuta. Liwiro loyenera ndi limeneli.

Mukagwira cholembera, longosolani chinthucho mwatsatanetsatane, kuti lamulo ligwire mtundu umodzi wokha. Mu 2020 FDA inaletsa timabotolo tonunkhira zipatso tomwe amalowetsa m'ndudu yochita kutchaja, koma ndudu zosuta n'kutaya inazisiya. Ana sanasowe pogwira. Anasamukira ku ndudu zotere za Puff Bar, komwe mango ndi nthochi zinali kuwadikira. Onetsetsaninso kuti lamulo lanu likunena za chikonga chochokera ku fodya basi. Mu 2021 Puff Bar inabwera ndi chikonga chopangidwa m'labotale, ndipo aphungu a ku Washington anadzatseka mpatawo mu 2022. Chaka chathunthu cha malonda sichochepa.

Za msinkhu musadere nkhawa. Kuyambira Disembala 2019 wogula ayenera kukhala ndi zaka 21 m'dziko lonse, ndipo nambalayi imaoneka bwino pachitseko cha shopu. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti ikuthera pachitsekopo. Musafune chiphaso kwa ogulitsa, chifukwa chiphaso chimabala kaundula, ndipo kaundula amasonyeza kumene mashopu ali. Lembani woyendera mmodzi m'chigawo chonse, galimoto musamupatse. Chindapusa chikhale chochepa, choti mwinishopu alipire ndi zimene wagulitsa Loweruka masana. Ngati n'kotheka chigwere mtsikana wa pakauntala, amene mawa lomwe akhoza kulowedwa m'malo.

Koma chilango chenicheni chisungireni mwanayo. Akapezeka ndi ndudu m'thumba, aimitsidwe sukulu sabata yonse. Makolo akapita kuntchito, iye adzakhala ndi nthawi yokwanira yosuta popanda belu lomusokoneza.

Pa intaneti, kabatani kofunsa kuti "Kodi mwakwanitsa zaka 21?" n'kokwanira. Mwana wa zaka 14 sanganame kwa kompyuta.

Mukakakamizika kuletsa zonunkhira zonse, monga chinachitira chigawo cha Massachusetts mu 2020, musakambirane ndi anansi anu. New Hampshire ili pamalire pomwepo, ndipo mashopu ake analandira ogula ndi manja awiri. Mwanjira imeneyi msonkho umapita kwa anansi, ndudu n'kubwerera kwanu m'buti ya galimoto, aliyense wapezapo kanthu.

Aphunzitsi musawaphunzitse kanthu. Juul imaoneka ngati fulashi, ndipo imatchajidwa pa laputopu. Mphunzitsi akaiona, aziyamikira kuti mwanayo amasamala manotsi ake. Zoti kabotolo kamodzi kali ndi chikonga chofanana ndi cha paketi ya ndudu 20 n'zongomutayitsa nthawi yophunzitsa masamu.

Zonsezi zikayenda bwino, kasumeni kukhoti. Mu 2022 Juul inavomera kulipira madola 438.5 miliyoni ku zigawo zoposa 30. Gawo lanu la ndalamazo likafika, musalimangirire ku ntchito yothandiza ana kusiya kusuta. Vutolo limatha lokha: mwana amene anayamba ali ndi zaka 14 mu 2018 anakwanitsa 21 mu 2025, ndipo tsopano ndi kasitomala wovomerezeka. Mufufuteni pa mndandanda wa ana osuta, werengani otsalawo, kenako itanani atolankhani.