Mphete M'tauni ya Masikelo

Mphwanga anandipeza ndikuwothera dzuwa pakhonde ku Amaveni, Loweruka m'mawa. Anakhala pa chidebe chovundikira n'kuyamba kufunsa za moyo wa nkhuku zanga. Mnyamata wa ku Kwekwe akafunsa za nkhuku zako, dziwa kuti akufuna ngongole kapena wapeza mbeta. Ameneyu zinamugwera zonse ziwiri.

"Amalume," anatero akukanda m'mutu, "kodi mphete yachitomero munthu amagula ya ndalama zingati?"

Ndinamuyang'ana kuyambira kumapazi. Mwana wa mlongo wangayu ndi korokoza, munthu wolowa m'dzenje Lolemba n'kutuluka Lachinayi ali mbuu ngati chinyau. Golide amamudziwa ngakhale mumdima. Koma lero wadzafunsa ine, amene golide ndinangomuona pa dzino la kapitawo wathu wakale.

Nkhani yotere sakambirana anthu awiri. Lamulungu titaweruka ku CCAP tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango: mayi ake, mlongo wake wophunzira ku yunivesite ku Gweru, amayi anga amene aliyense amawatchula agogo, ndi a msungichuma a bungwe lathu la maliro. Omalizawa sitinawaitane. Anangomva kuti kwinakwake kukutchulidwa ndalama, miyendo n'kuwabweretsa yokha.

Wa ku yunivesite sanadikire n'komwe pemphero. Anakweza foni m'mwamba ngati mlaliki ndi Baibulo. "Lamulo lake ndi malipiro a miyezi iwiri. Dziko lonse likudziwa."

Lamulo limeneli ine ndimadziwa kumene linabadwira, ndipo si m'nyumba ya malamulo. M'zaka za m'ma 1930 malonda a diamondi atazirala, kampani ya De Beers inalemba ntchito akatswiri otsatsa malonda ku America kuti aphunzitse anyamata kuti chikondi chimakhala pamwala. Poyamba ankati mwezi umodzi ukukwana. Pofika m'ma 1980 chikondi chinali chitakwera mtengo, chafika miyezi iwiri. Zili ngati mayi wotcheza kachasu akhale yemwe akulengeza kukula kwa ludzu la mwamuna weniweni. Ndipo De Beers imeneyi anaiyambitsa ndi Cecil Rhodes mu 1888, yemwe uja dzina lake linali padziko lino pamene makolo athu ankachoka ku Dedza ndi ku Ntcheu kudzakumba migodi. Agogo anamukumbira, adzukulu akumugulira. Mzungu ameneyu anagona pa Matopos, koma msonkho wake sunagone.

Ndinafotokoza zonsezi mwaulemu. Palibe anamva. A msungichuma anali atatulutsa kale kabuku ndi pensulo.

"Miyezi iwiri, chabwino. Koma iti? Mnyamata iwe, Januwale unapeza zingati?"

"Maenje anadzaza madzi, bambo."

"Febuluwale?"

"Ndinkabweza ngongole ya Januwale."

"Ogasiti?"

Mphwanga anawerama. Ogasiti tonse timamukumbukira. Anagunda mwala wabwino, anatuluka ndi madola 1,400, ndipo kwa masiku 9 Amaveni yense anali ndi mbale. Chimene chinatsala ndi sipika yaikulu ngati nkhokwe, imene pano mayi ake amayanikapo masamba a chibwabwa.

A msungichuma ananyambita pensulo. "Tikatenga Ogasiti, mtsikanayu avala galimoto pachala. Tikatenga Januwale ndi Febuluwale, mtsikanayu ndiye ayenera kumugulira mnzathuyu mphete." Anaonjeza kuti iwo eni malipiro awo a miyezi iwiri akadali m'mabuku a mgodi wina umene unatseka zipata kalekale, ndipo kuti akanatomera mu 2008 akanakhala mwamuna wachikondi kuposa onse, chifukwa miyezi iwiri ya nthawi imeneyo inali mabiliyoni, ngakhale sinkagula buledi. Kenako anafunsa ngati lamulolo likunena za madola a ku America kapena ZiG, ndalama yathu yobadwa mu 2024. Foni ya wa ku yunivesite sinayankhe.

Apa agogo anatsokomola, tonse n'kukhala chete.

"Ine bambo wako," anatero akundiloza ndi ndodo, "anandipatsa chikole cha mpango wa kumutu ndi sopo mmodzi, nthawi ya Chitaganya. Ine ndinamupatsa mkanda. Sopo anatha mwezi womwewo. Mwamunayo anatha patapita ana 8."

"Agogo," anatero wa ku yunivesite, "mpango munthu sangauike pa WhatsApp."

Pamenepo mpamene mutu wa nkhani unaonekera. Mphete sagulira chala. Amagulira maso a anzake a mtsikana, amene adzakuza chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka mwalawo udzaze foni yonse.

Mphwanga anayesa nzeru yake. Bwanji asunge timapointi take ta golide, apite nato kwa mmisiri, amusulire mphete ya thukuta lake? A msungichuma anagwira pakamwa. Golide wa dziko lino njira yake ndi imodzi, ya ku kampani ya Fidelity, ndipo wopezeka naye wopanda chilolezo amakadya nyemba za boma. "Ukakumana ndi apolisi panjira udzawauza kuti ndi chikondi? Ukwati wako udzayamba ndi kubweretseredwa chakudya m'kontena."

Taonani tsoka la anthu a ku Midlands. Golide ali pansi pa Kwekwe ndi Shurugwi. Pulatinamu akutuluka ku Mimosa, pafupi ndi Zvishavane, ndi ku Unki. Diamondi ali ku Murowa, m'dera lomwelo la Zvishavane. Chilichonse chimene mphete imafuna timachiponda popita kuchimbudzi. Koma mphete yathu imachokera ku Johannesburg, imawoloka pa Beitbridge ili m'chikwama chamizeremizere, pakati pa mabulangete ndi mafuta ophikira. Msodzi wa ku Mangochi kugula nsomba za m'chitini.

Lachiwiri tinapita kwa mayi wina ku Mbizo amene amagulitsa zoterezi m'chipinda chake chochezera. Anayala mphete zitatu patebulo: ya madola 15, ya 60, ya 250. Ndinavala magalasi. Ndinawavula. Ndinawapukuta. Mphete zonse zitatu zinali zofanana ngati mapasa.

"Mayi, kusiyana kwake kuli pati?"

"Bokosi, achimwene." Anatsegula la 250, ndipo m'katimo munayaka kanyali. Magetsi anali atathima kuyambira m'bandakucha, choncho kabokosiko ndi kokhako kamene kankawala m'nyumba yonse. Mphwanga anapuma mozama ngati waona mwala wa Ogasiti uja.

Koma Kwekwe ili ndi vuto limene matauni ena alibe. Ku Harare ukhoza kunama mtengo wa mphete, anthu n'kukuombera m'manja. Kuno munthu wachitatu aliyense ali ndi kasikelo m'thumba, ndipo amene alibe amayeza ndi chikhatho. Azakhali a mtsikanayo, amene anzathu achishona amati tete, akhala zaka zambiri akugulitsa sadza pa chigayo cha miyala, ndipo makorokoza ena amawalipira ndi golide. Mayi wotere sungamuonetse mkuwa n'kumuuza kuti ukudwala chikasu chabe.

Tili mkati mosinkhasinkha, munyai, nkhoswe ya mwambo wa anzathuwa, anabweretsa pepala la roora, ndiye kuti malowolo. Vhuramuromo, yotsegulira pakamwa pa apongozi. Rusambo. Danga, ndiye kuti khola la ng'ombe. Mombe yeumai, ng'ombe ya mayi wobereka, imene sanyengerera. Jasi la bambo. Golosale wodzaza tsamba lonse. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa ngati tikukwatira mtsikana mmodzi kapena mudzi. Kwathu, anatero, mkamwini amalipira ndi khasu, pakhomo pa apongozi pomwepo. Ndinaliwerenga pepalalo kawiri. Mphete panalibe. Chinthu chimene chinatidyera masabata atatu, eni mwana sanachiwerengere n'komwe.

Tsiku lotomera linafika. Linali lodzidzimutsa, monga mwa mwambo wa masiku ano. Mtsikanayo sankadziwa kanthu. Anangosankha tsiku, malo, wojambula, mtundu wa mabaluni ndi malaya a mphwanga, ndipo mwangozi dzulo lake anakakonzetsa zikhadabo. Mphwanga asanagwade anayamba wadinda pansi ndi chidendene kawiri. Anthu anaseka, koma sanalakwe. Tauni ino akhala akuikumba kunsi kuyambira m'ma 1890, pamene mgodi wa Globe and Phoenix unayamba, ndipo makorokoza apitiriza pamene azungu analekera. Ku Kwekwe wogwa m'chikondi ayenera kusamala kuti asapitirire.

Anagwada, kanyali kanayaka, mtsikana anagwira pachifuwa n'kulira. Wojambula anati dzuwa linali kumbuyo. Anabwereza. Kenako baluni inaphimba nkhope. Anabwerezanso. Maulendo atatu onse misozi inatsika yofanana, ndipo agogo anandinong'oneza kuti mtengwa ameneyu tisamutaye, adzatithandiza pamaliro.

Kenako tete anatambasula dzanja. Anaivula mphete pachala cha mwana wawo, naigubuduza pachikhatho, naiponya m'mwamba pang'ono n'kuiwakha. Ine malovu anauma. Mayiyo anatembenukira kukhamu n'kululuta mpaka agalu a mzere wachitatu anayankha. "Mukwasha wathu, mkamwini wathuyu, si wamasewera!"

Pambuyo pake anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Mkuwa wabwino, asebere. Zotsalazo zili kuti?"

"Zikupita ku ng'ombe ya mayi."

"Ndiye mwana wathu wapeza mwamuna."

Ndinamva mochedwa kuti nzeru yonse inali ya mtsikanayo. Ndiye anamuuza mphwanga kuti agule ya madola 15, bokosi lakanyali abwereke kwa mayi wa ku Mbizo pa madola 5, alibweze Lolemba. Bokosi limenelo latomera kale atsikana anayi chaka chino, ndipo la Disembala anthu alembetsa kale.

Mtengo wa mpheteyo ukukwerabe. Ku Amaveni akuti madola 300. Ku Mbizo 500. Pofika ku Redcliff inali 1,000. Sabata yatha msuweni wathu wa ku Dedza, amene sitinamvepo mawu ake chiikireni maliro a bambo, anaimba foni kuyamikira kuti Mulungu watidalitsa, n'kutchulako za fizi ya ana ake atatu.

Agogo anakakamira kuti roora kapena ayi, chinkhoswe chichitike mwa Chichewa: akuchimuna apereke tambala, akuchikazi msoti. Tambala anachokera m'khola langa, poti ndine malume. Anzathu aja mwambowu sankaudziwa, anabwera chimanjamanja, choncho msotinso unachokera m'khola langa. Mphwanga akuti adzandibwezera Ogasiti.